Timabatani ta M'mphepete mwa Zitenje

Mkazi wanga anali wovina. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa m'mbiri yake imene inawerengedwa pamaliro munalibe. Munalembedwa kuti anabadwira ku Dedza, anaphunzira unamwino, anakwatiwa ukwati woyera, anagwira ntchito yosamalira okalamba ku Dublin, ndipo sanasiye mwana. Zonsezo n'zoona. Amene analemba mbiriyo ndi ineyo, ndipo atati andiuze kuti ndilembenso mawa ndingalembe zomwezo, chifukwa ndi zimene iye anandipempha.

Tinafika ku Ireland pa nthawi imene dziko lino linkamanga paliponse. Ine ndinali nditaphunzira uinjiniya, ndipo ndinapeza ntchito pa kampani ina yomanga nyumba kuseri kwa Blanchardstown, dera la kumalire a mzinda wa Dublin. Iye anapeza ntchito ku nyumba yosungirako okalamba, yowasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi. Tinkachita lendi fulati ya chipinda chogona chimodzi, pamwamba pa sitolo. Lamlungu tinkapita ku Misa, tikaweruka n'kukacheza ndi Amalawi anzathu. Tinali anthu wamba, ndipo ndinkaganiza kuti tidzakhala otero mpaka kukalamba.

Loweruka lina masana anabwera akuseka yekha pamasitepe. Mnzake wa kuntchito, mtsikana wa konkuno, anali atamutengera ku kalasi ya gule.

"Waphunzirako chiyani?" ndinamufunsa.

"Kuvula golovesi."

"Basi?"

"Ola lathunthu, a injiniya, golovesi limodzi. Inuyo mukanangolisolola n'kuyamba kufunsa poyimira basi."

Ankanditcha a injiniya akafuna kundiseka, ndipo ankafuna kawirikawiri.

Gule ameneyu amamutcha burlesque. Ndi wakale, anazimiririka, ndiye m'zaka zimenezo akazi ena anamudzutsanso m'zipinda za pamwamba pa mapabu, malo omwera mowa a kuno. Wovina amakwera pansanja atavala mochititsa kaso, n'kumavula chimodzichimodzi motsatira nyimbo, mochedwetsa dala, moseka anthu ndi kudziseka yekha. Pamapeto zofunika kubisa zimakhala zobisikabe. Owonera ambiri anali akazi. Zimenezi ndikuzifotokoza lero modekha, koma tsiku limene anandifotokozera iyeyo sindinadye. Ndinakhala masiku angapo ndikumuyankha ndi mawu amodziamodzi.

"Bwerani mudzaone," anatero. "Mukakwiya mutaona, ndisiya. Koma kukwiyira chinthu chimene simunachione si khalidwe la munthu wa digiri."

Ndinapita. Ndinamupeza sakuvina n'komwe. Woyamba kumene pa gule ameneyu amayamba ndi kutola. Wovina akamaliza n'kutsika, wotola amakwera kukasonkhanitsa zonse zimene zatayidwa pansi, magolovesi, nthenga, nsapato, n'kukabwezera mwini wake zisanasokonekere. Wotolayo amamutcha kamphaka. Mkazi wanga ankatola mwa mtundu wina. Ankanyamula sitokini, sokosi yaitali ya akazi ija, ndi zala ziwiri, n'kuiyang'ana monga mmene mayi wa kwathu amayang'anira mbale yosatsuka bwino, n'kupukusa mutu. Anthu ankaseka mpaka kugwira matebulo. Ine sindinaseke, koma sindinakwiyenso. Ndinangoona kuti munthu amene ndinkagona naye chipinda chimodzi anali ndi nkhope ina imene ndinali ndisanaionepo.

Mwini chionetserocho anali mayi wina wa ku Crumlin, wamkulu thupi, wa mawu osasa, amene masana ankagwira ntchito ku banki. Ndiye amene anauza mkazi wanga kuti wakwana kutola, apange gule wakewake. Anamubwereka nthenga ndi chovala chothina m'chiuno. Mkazi wanga anaziyesa pagalasi kunyumba n'kuzivula.

"Ndikuoneka ngati nkhuku yobwereka nthenga," anatero. "Izi ndi za eni ake."

Gule wake anamupeza tikuchokera kosiwa maliro a Mmalawi mnzathu. Kunali kozizira, ndipo iye anali atavala monga amavalira amayi kumaliro: duku kumutu, chitenje paphewa, zitenje ziwiri m'chiuno pamwamba pa jinzi. Atalowa m'nyumba anayamba kuzimasula chimodzichimodzi, ali wotopa. Atafika pa chachitatu anaima, n'kundiyang'ana, n'kuchimanganso.

Gule wake anali wa nsalu zisanu. Ankatulukira pansanja ali wowerama ngati gogo wopita kumaliro m'nyengo yachisanu, atabereka kanthu kumbuyo. Nsalu iliyonse ikagwa, zaka zinkamuchoka. Msana unkawongoka, mapazi ankapepuka, chiuno chinkadzuka. Chachinayi chinali chitenje choberekera. Ankachimasula pang'onopang'ono, akuchigwedeza ngati muli mwana, n'kuchitambasula pamaso pa anthu. Munalibe kanthu. Pamenepo anthu ankasowa chochita, ena ankaseka, ena ankangoti zii. Ife tinali titayesa zaka zitatu osaona mwana. Sanandifunse ngati angaike zimenezo m'gule, ndipo ine sindinamufunse chifukwa chake anaziika. Kenaka ng'oma zinkakwera, chitenje chomaliza chinkauluka, iye n'kutsala ndi tizovala tonyezimira, akuseka ndi mano onse.

Zitenjezo zinali zitenje wamba, zimene amayi ake anamupatsa tikunyamuka. Mayi wa chionetsero ankafuna azisokerere zonyezimira, iye anakana. Chimene anasintha ndi chimodzi chokha. Chitenje chomangidwa bwino sichimasuka ndi kukoka kamodzi, ndipo nyimbo siidikira munthu amene akulimbana ndi mfundo. Choncho anasokerera timabatani tachitsulo m'mphepete, chakunsi kwa nsalu, tija timalumana ukatidina n'kulekana ukakoka. Ankasoka patebulo la kukhitchini. Ine ndinkayeza mipata ndi tepi yanga ya kuntchito n'kuchonga ndi choko. Tikatalikitsa, chitenje chinkatseguka msanga. Tikafupikitsa, chinkakana. Imeneyo ndiyo ntchito ya uinjiniya yomaliza imene ndinaigwira n'kuiona itatha.

Chuma cha dziko lino chitagwa, kampani yathu inatseka. Nyumba zimene tinkamanga zinatsala zopanda mawindo, udzu ukumera m'zipinda. Ndinalembera ntchito kulikonse. Ndinatsuka mbale kwa miyezi ingapo, malowo anatsekanso. Kwa mkazi wanga anawachepetsera maola. Anzathu ena anabwerera kumudzi, ena anawolokera ku England. Chodabwitsa n'chakuti m'zipinda za pamwamba pa mapabu munkadzazabe. Anthu amene anali atachotsedwa ntchito sabata yomweyo ankabwera kudzaona mkazi akutaya nsalu n'kumaseka. Malipiro ake anali a basi ndi chakudya, nthawi zina osakwana n'komwe. Koma anayamba kuitanidwa. Tinapita ku Cork, ku Galway, ku Limerick.

Ine ndinasanduka wonyamula sutikesi. Ndinkaima kuseri kwa katani, kamphaka akatola n'kundipatsa, ine n'kumapinda. Ndinali ndi kapindidwe kanga. Timabatani tinkayenera kulowa m'kati kuti tisakole ulusi wa chitenje china, ndiye ndinkayamba ndapinda mphepete, kenaka pakati, mpaka nsalu ioneke yosalala mbali zonse. Munthu woinyamula sakanadziwa kuti muli chitsulo. Ndinkanyadira kapindidwe kameneko. Mwamuna wopanda ntchito amanyadira zimene wapeza.

Kunyumba sitinkazisiya m'sutikesi. Tinkaziika m'kabati ya zovala, pamulu wa zitenje zina zonse.

"Alendo akabwera amafunsa za sutikesi yokhoma," ankatero. "Chitenje chili pakati pa zinzake safunsa."

Amalawi kuno ndife ochepa, ndipo nkhani imafika kumudzi munthu asanatsike basi. Choncho ankavina ndi dzina lina. Pazithunzi zoitanira anthu, nkhope yake inkabisika ndi duku. Ankakana kujambulidwa akuvina, ndipo mayi wa chionetsero ankalengeza asanatuluke kuti aliyense abweze foni m'thumba. Palibe kanema ngakhale mmodzi wa gule wake. Tsiku lina tili m'basi yochokera ku Galway, mvula ikuwomba magalasi, anatsamira paphewa langa n'kunena kuti:

"Amayi asadzamve."

"Angamve kwa ndani?"

"Kwa inu. Mumaoneka ngati simulankhula, koma mukapanikizidwa mumanena zoona. Ndi matenda anu amenewo. Lumbirani. Ngakhale nditafa."

"Ukuyankhula zachabechabe."

"Lumbirani, a injiniya."

Ndinalumbira, ndikuyang'ana nkhosa panja. Iye anagona.

Anamwalira m'chaka chachitatu cha gule wakeyo. Anagwa ali kuntchito masana, akukankha ngolo ya tiyi. Madokotala anati mtsempha wa m'mutu unaphulika. Nditafika kuchipatala anali akupuma ndi makina, ndipo mawa lake anawazimitsa. Anali asanakwanitse zaka makumi atatu. Za masiku amenewo sindilemba zambiri.

Pofika madzulo a tsikulo, fulati yathu inali itasanduka nyumba ya siwa. Amuna anatulutsa mipando ndi tebulo. Amayi anayala zitenje pansi n'kukhala motsamira makoma, akuimba. Popeza kunalibe bwalo, abambo tinkakhala pamasitepe ndi poimika magalimoto, titavala majekete. Chipinda chogona chinatengedwa ndi amayi ochokera kutali, a ku Cork ndi ku Dundalk, amene ankagona momwemo. Ine ankandigoneka kwa mnzanga. Kuyambira tsiku limenelo mpaka kunyamuka kwa maliro sindinakhalepo ndekha m'nyumba mwanga, ndipo kuchipinda sindinalowemo wopanda maso a anthu. Sindikudandaula. Anthu amenewo anasiya ntchito zawo m'nyengo imene ntchito inali yosowa, anasonkha kuti thupi lipite kwawo, anaphika, anandigwira mkono. Popanda iwo sindikadatha.

Amene ankayendetsa zonse anali amayi a tcheya a gulu la amayi a Chimalawi, namwino wamkulu wa ku chipatala cha Beaumont, munthu wachifundo amene sabwereza mawu kawiri.

Tsiku lachiwiri kunabwera mayi wa chionetsero uja ndi ovina anzake awiri, atanyamula maluwa. Ndinawauza amayi a tcheya kuti ndi anzake a ku kalasi ya masewera olimbitsa thupi. Alendowo anali atavala mathalauza akuda. Kwathu mkazi salowa m'siwa wopanda chitenje, choncho amayi a tcheya anatuma munthu kuchipinda kuti akatenge zitatu pamulu wa malemu. Ndinaima pakhomo ndikuona akumukulunga mayi wa chionetsero chitenje chabuluu cha mbalame zachikasu. Chinali choberekera chija. Amene ankamuveka sanaone kanthu, anangopinda m'chiuno n'kusomeka. Koma iye anachizindikira. Ndinaona dzanja lake likutsika m'mphepete, likupapasa, n'kuima. Anakhala pansi pakati pa amayi oimba nyimbo zimene sankazimva, chala chake chili pa kabatani, misozi ikutsika. Amayi a pambali pake anamusisita msana n'kunena kuti azungu enanso ali ndi mtima.

Potuluka anandipeza pamasitepe. Tinayankhula m'Chingerezi, motsitsa.

"Usazitaye," anatero. "Palibe chithunzi cha iye akuvina, palibe kanema, palibe chilichonse. Zatsala ndi nsalu zimenezi. Tidzachita chionetsero chomukumbukira. Tidzaziyanika pansanja zonse zisanu, tidzaimba nyimbo yake mpaka kumapeto, popanda wovina."

"Ndizisunga," ndinatero.

Anamasula chitenjecho, anachipinda mmene anathera, n'kuchibweza kwa amayi amene anamuveka, akuthokoza. Ndakhala ndikuganiza za mphindi imeneyo koposa za kuchipatala. Akanangotsika nacho masitepe, palibe akanamuthamangira. Koma anali munthu waulemu m'nyumba ya eni.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke, amayi a tcheya anandiitana.

"Bambo, mutipatse mpata. Tikufuna tilongedze za malemu."

Mwambo wake ndi wotere. Zovala za mkazi womwalira zimapita kwa amayi ake limodzi ndi thupi. Maliro akaikidwa zimachapidwa, n'kugawidwa kwa abale ake aakazi. Mwamuna salongedza, sasankha, sagawa. Kwa anthu a kwawo kwa mkazi wanga, ine ndine mkamwini, munthu wobwera. Zonsezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana. Sindinaganizepo kuti zidzandipeza pamwamba pa sitolo ku Blanchardstown.

"Amayi, pali zitenje zina zimene ndimati zitsale," ndinatero.

"Zitsale za chiyani?"

"Zongokumbukira."

Mayi wina wa ku Zambia, mnansi wathu, amene ankapinda mabulawuzi pabedi, anatembenuka.

"Manje imwe mufuna muzivale? Kapena mwasungila wina kudala?"

"Inu, si nthawi yake," anamudzudzula amayi a tcheya. Kenaka anandikokera pambali n'kutsitsa mawu. "Mwana wanga, ndikumva. Koma tamverani. Mayi amadziwa chitenje chilichonse chimene anapatsa mwana wake. Akatsegula sutikesi n'kupeza zina mulibe, sadzati mkamwini akukumbukira. Adzati mkamwini wayamba kale kugawa kuno. Inu mukupita kukaima pakati pa anthu amene mwana wawo anachoka akuyenda n'kubwera m'bokosi. Musawapatse chonena. Sungani mphete, sungani zithunzi. Kapena pali chifukwa china?"

Anadikira. Anali munthu woti ukanamuuza, akanamvetsera. Koma m'chipindamo munali amayi ena anayi, ndipo awiri mwa iwo anali a ku Dedza komweko.

"Palibe," ndinatero.

Ndinakhala pamasitepe mpaka anamaliza. Potuluka amayi a tcheya anali ndi jumbo lakuda m'manja.

"Zam'kati sitigawa," anandinong'oneza. "Kwathu tikanawotcha, koma kuno kulibe powotchera, ndiye tikataya. Tapezamo tina tonyezimira, ndi magolovesi aatali." Anandigwira dzanja, nkhope yawo itafewa. "Musachite manyazi. Munkakondana, taona."

Ndinawathokoza.

Kumudzi zonse zinayenda monga zimayendera. Anaika maliro, anawerenga mbiri ija, anandimeta. Zovala zinachapidwa n'kuyanikidwa pachingwe kuseri kwa nyumba ya apongozi anga, amayi a mkazi wanga. Ndinaziona ndili patali, zisanu zija zitabalalika pakati pa masiketi ndi mayunifolomu, mphepo ikuzikupiza. Pogawa ndinali nditakhala ndi amuna pansi pa mtengo. Ndinaona duku likupita kwa mng'ono wake. Chabuluu chinapita kwa azakhali ake. Zina sindinaone.

M'mawa wa tsiku limene ndinkanyamuka, apongozi anandiitanitsa. Ndinawapeza pakhonde, atatambasula miyendo, lezala lili m'manja, chitenje chabuluu chili pamwendo. Ndinakhala pansi chapatali, chammbali, monga mkamwini amakhalira. Iwo ankayankhula akuyang'ana nsalu.

"Azakhali anu abweza ichi kuti ndichikonze. Dzulo anavala kupita kuchigayo. Aona timabatani, ati n'zachizungu zothandiza, atidina. Ali pamzere, mdzukulu wawakoka kuti amunyamule. Chitenje chonse pansi nthawi imodzi. Chigayo chonse kuseka. Mwamwayi anali ndi siketi m'kati."

Ndinayang'ana pansi. Ndinkadziwa bwino mmene chinagwera, mbali imene chinayambira, ndi liwu lake.

"Ndayang'ana zina, ndapeza zisanu zili choncho. Ndaitanitsa zonse." Anadula ulusi, kabatani kanagwera m'mbale yachitsulo. "Mwana wanga ankadziwa kumanga chitenje. Ndinamuphunzitsa ndekha. Ankatha kuthamanga nacho, ndowa ili pamutu, osagwa. Kodi kumeneko anaiwala?"

"Sanaiwale, amayi."

"Nanga izi n'zachiyani?"

Ndinamva mawu ake a m'basi muja, akuti ndikapanikizidwa ndimanena zoona. Ndinkafuna kunena. Ndinkafuna munthu mmodzi wa magazi ake adziwe kuti anthu ankaimirira akamaliza, kuti ku Cork anamuitana kubwerera pansanja mpaka anatuluka atafunda jekete langa. Ndikananena, mwina akanandipatsa nsaluzo. Mwina akanazitentha. Mwina akanakhala zaka zawo zotsala akuona mwana wawo ali maliseche pamaso pa anthu oledzera, chifukwa mawu ofotokozera kuti sizinali choncho ndinalibe, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ndawapeza.

"Kuja kuli mphepo yambiri, amayi," ndinatero. "Imakupiza zovala."

"Mphepo," anatero.

Anadula ulusi wina. Anatenga kabatani, anakadina, anakakoka, kanalekana mosavuta. Anachitanso kachiwiri.

"Chotchinga mphepo chimamasuka ndi dzanja la mwana?"

Nkhuku inadutsa pakati pathu. Iwo anapitiriza kudula, mphepete yonse mpaka kumapeto, ndipo sanafunsenso funsolo. Atamaliza anati:

"Ankasangalala kumeneko?"

"Ankasangalala."

"Anthu ankamukonda?"

"Ankamukonda kwambiri."

Anagwedeza mutu. Anakhuthulira timabatani tonse m'kapepala ka shuga, anapotokola kukamwa kwake, n'kukaika pansi pakati pa ine ndi iwo, popeza mpongozi sapatsira mkamwini m'manja.

"Nsalu ndi zathu," anatero. "Izi ndi zanu. Muyende bwino, bambo."

Nditabwerera ku Dublin ndinapeza fulati itakonzedwa, mipando itabwezedwa m'malo mwake. Kabati ya zovala inali ndi mbali imodzi yopanda kanthu. Ndinatha milungu ingapo ndisanamuimbire mayi wa chionetsero. Tinakumana masana m'chipinda chija cha pamwamba pa pabu. Mipando inali itasanjikidwa pamatebulo, ndipo kuwala kwa dzuwa kunkaonetsa mmene kapeti inalili yakuda. Iye anali atamanga kale chingwe kuchokera mbali ina ya nsanja kufika mbali inayo, ndi zopanira zovala zili pomwepo. Mmodzi wa ovina aja analiponso.

Ndinaika kapepala ka shuga patebulo n'kukatsegula. Mayi wa chionetsero anayang'ana nthawi yaitali.

"Nsalu zili kuti?"

"Zavalidwa."

"Ndi ndani?"

"Ndi abale ake. Ndi mwambo wathu."

"Sunawauze kuti n'zachiyani?"

"Anandiletsa mwini wake."

Anatukwana, osati ine, anangotukwana. Kenaka anakhala pansi n'kuyatsa fodya, ngakhale kuti m'nyumba n'zoletsedwa. Anandiuza kuti banki inamuchotsa ntchito, kuti mwini pabu akutseka kumapeto kwa mwezi, ndi kuti mchemwali wake wamupezera malo ku Australia. Chionetsero chokumbukira chinayenera kukhala chomaliza.

Wovina uja anati mwina angayese kuvina gule wa mkazi wanga ndi nsalu zina, zogula. Anakwera pansanja ndi nsapato zake zoyendera, anawerama ngati gogo, anayenda pang'ono n'kuima. Anafunsa ngati duku linkachoka poyamba kapena pambuyo pa cha paphewa. Mayi wa chionetsero anati poyamba. Iye anati ayi, akukumbukira tsitsi likutuluka chakumapeto. Anakangana pang'ono, kenaka onse anatembenukira kwa ine.

Sindinadziwe. Gule yense ndinamuonera kutsogolo kangapo kokha, pachiyambi, ndipo ankamusintha. Masiku ena onse ndinali kuseri kwa katani, ndikuona msana wake ndi nkhope za anthu. Chimene ndinkadziwa bwino ndi kupinda. Mtsikanayo anatsika pansanja. Mayi wa chionetsero anamasula chingwe chake n'kuchikulunga pamkono.

Chionetserocho sichinachitike. Pabuyo anatseka, pamwamba pake pano pali ofesi. Mayi uja anapita, ndipo tinalemberana kawiri. Ovina ena anasiya, ena anasamuka, ndipo amene akuvina masiku ano sanamuonepo. Amalawi anzanga amamukumbukira monga mkazi wachete wa dzanja labwino pa okalamba. Chaka chatha mlamu wanga ananditumizira chithunzi cha ubatizo wa mwana wake. Kumbuyo kwa anthu, azakhali aja aima atabereka khanda m'chitenje chabuluu cha mbalame zachikasu, chitasuluka, chitamangidwa mfundo yolimba pachifuwa. Ndinachiyang'ana kamodzi. Sindinachifufute, koma sindinachitsegulenso.

Ine ndikadali kuno. Ndimagwira ntchito yosanja katundu m'nyumba yosungiramo katundu kufupi ndi bwalo la ndege. Amayi a tcheya amandiimbira nthawi ndi nthawi, amati ndidakali mnyamata, ndiganizire za mawa. Ndimawayankha mwaulemu.

Timabatani tija tili m'kachitini ka tiyi pamwamba pa firiji. Lezala la apongozi linasiya tiulusi pa tina, tabuluu, tofiira, tobiriwira. Nsalu zonse zimene ndatsala nazo ndi zimenezo. Nthawi zina ndikaweruka ndimatenga kamodzi, ndimakadina, ndimakakoka. Kamalira pang'ono, kuti tcha. Owonera sankalimva liwu limenelo chifukwa cha nyimbo. Linkamveka kuseri kwa katani kokha, pamene ndinkaima ine.